Kufunsira mbeta utavala nkhope ya wina: mafunso ndi mayankho

Amene anakulira m'mavidiyo sho, pabenchi ya thabwa m'chisakasa chamdima, nkhani iyi akuidziwa ngakhale sanaipatsepo dzina. Mnyamata wafuna mtsikana koma njira yolunjika yatsekeka. Ndiye wavala wigi, kapena wabisa chuma cha atate ake, kapena wabwereka dzina la mnzake, n'kulowera kuseri. Agiriki ndi Aroma ankasimbirana zomwezi zaka zoposa 2,000 zapitazo, kungoti odzibisawo kawirikawiri anali milungu. Nawa mafunso amene amabuka nkhaniyi ikavumbuka pamacheza.

Kodi kufunsira modzizimbaitsa n'kutani?

Kudzizimbaitsa ndi kusintha maonekedwe kuti usazindikirike, monga anachitira mfumu Sauli popita usiku kwa mayi wobwebweta wa ku Endori. Pano tikunena za wochita zimenezo chifukwa cha chikondi, kapena chifukwa cha chilakolako chimene akuchitcha chikondi. Wina amasanduka thupi lonse, wina amangosintha zovala ndi mawu, wina nkhope ndi yomweyo koma dzina ndi mbiri n'zobwereka. Ine ndikamawerenga kapena kuonera nkhani zotere ndimadikira mphindi imodzi: pamene chovala chija chavulidwa. Pamenepo ndiye ndimafunsa ngati wonyengedwayo akadali ndi mpata wonena kuti ayi, kapena madzi afika kale m'khosi.

Ndi nthano iti yakale imene ili chimake cha zonsezi?

Ya Vertumnus ndi Pomona. Anailemba Ovid, mlakatuli wa Chiroma wobadwira ku Sulmo m'chaka cha 43 BC, m'buku la 14 la ndakatulo yake yaitali ya Metamorphoses, dzina lotanthauza kusandulika. Ndakatuloyo ili ndi mabuku 15, ndipo anaimaliza cha m'ma 8 AD, chaka chomwe mfumu Augustus inamupirikitsira ku Tomis, kumene lero kuli mzinda wa Constanța ku Romania.

Pomona anali namwali wosamalira mitengo ya zipatso. Za nkhalango ndi mitsinje, zomwe anzake ankakonda, iye analibe nazo ntchito. M'manja mwake simunkachoka kampeni kokhota kodulira nthambi ndi komezanitsira mitengo, ndipo mizu ikamva ludzu ankaipatutsira madzi. Amuna sankawafuna. Anatchinga munda wake, milungu ya m'tchire n'kumangozungulira kunja ikumeza malovu.

Vertumnus, mulungu wa kusinthana kwa nyengo, ankatha kuoneka ngati aliyense. Lero abwera ngati wokolola, dengu lodzaza ngala za tirigu. Mawa ngati womweta, udzu atauzengeza kumutu. Mkuja ali ndi mkwapulo m'manja, moti ungalumbire kuti wangomasula kumene ng'ombe pagoli. Anabwerapo atasenza makwerero ngati wothyola zipatso, ndi lupanga ngati msilikali, ndi mbedza ngati msodzi. Zonsezi zinkangomupatsa mpata womuona, basi. Koma kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Tsiku lina anamanga duku, n'kuika imvi m'mutu, n'kutenga ndodo, ndipo analowa m'mundamo ali gogo.

Gogoyo anayamikira zipatso, kenako n'kumupsompsona Pomona. Ovid, yemwe sankaphonya nthabwala, akuti kapsompsonedwe kake kanali koti gogo weniweni sangatero. Atakhala pansi chowerama, analoza mtengo wa elm umene mpesa unayangapo. Mtengowu ukanakhala wokha, anatero, bwenzi uli masamba okhaokha, ndipo mpesawu ukanapanda mtengo bwenzi ukukwawa pansi, nanga iwe mwanawe sukutolapo kanthu? Kenako anayamba kumutsatsa mnyamata wina dzina lake Vertumnus: sayendayenda, sakopeka ndi aliyense wodutsa, amakonda zipatso ngati iwe, ndipo ine ndimamudziwa monga adzidziwira mwini wake. Apo pokha bodza panalibe.

Ataona kuti nsomba sikudya nyambo, anatembenukira ku chiopsezo. Anasimba za Anaxarete wa ku Cyprus, amene anakana mnyamata wamba Iphis mpaka mnyamatayo anadzimangirira pakhomo pake, iye n'kusanduka mwala ali pawindo kuonerera maliro. Nazonso sizinathandize. Vertumnus anavula ugogo uja n'kuoneka monga dzuwa likang'amba mitambo. Ovid akulemba kuti anali atakonzeka kumugwira mokakamiza, koma sipanafunike kukakamiza chifukwa namwaliyo ataona kukongola kwake mtima unamugwa. Ambiri pofotokoza nthanoyi amadumpha mzere umenewo. Amadumphanso china: kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Pomona sayankhula liwu ngakhale limodzi.

Pa maonekedwe onse aja, bwanji ugogo ndiwo unatsegula khomo?

Chifukwa gogo satsekeredwa panja. Mpanda wa Pomona unamangidwira amuna, ndipo msodzi kapena msilikali akadali mwamuna. Ife izi sizachilendo: nkhani ya banja siyenda yokha, pamakhala azakhali, agogo, ankhoswe, anthu amene mtsikana amawamvera poganiza kuti iwo alibe chawo pankhaniyo. Vertumnus anadzikhalira yekha nkhoswe. Anaba chikhulupiriro chimene mtsikana amakhala nacho pa mayi wachikulire, ndipo chimenecho n'chodula kuposa zipatso zonse za m'mundamo.

Si iye yekha. M'buku la 4 la Ovid yemweyo, mulungu Dzuwa anasanduka Eurynome, mayi ake a mtsikana Leucothoe. Anamupeza akupota ulusi usiku pakati pa adzakazi 12, n'kuwauza kuti atuluke chifukwa mayi ali ndi mawu a kuseri ndi mwana wake. Ndani akanakana? Bambo wa mtsikanayo atamva zomwe zinachitika anamukwirira wamoyo, ndipo Dzuwa, ngakhale analira, m'mawa mwake anatuluka monga mwa masiku onse.

Nanga za Zeus zija, kusanduka ng'ombe ndi mbalame, nakonso n'kufunsira?

Mabuku ena amazitcha zibwenzi za Zeus, koma mawuwo ndi opaka shuga. Wofunsira amadikira yankho. Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki, amene Aroma ankamutcha Jupiter, sankadikira.

Kwa Europa, mwana wa mfumu ya ku Phoenicia, anabwera ngati nkhunzi yoyera yofatsa. Mtsikanayo anaiveka maluwa m'nyanga, n'kulimba mtima kukwera pamsana, ndipo nkhunziyo inalowa m'nyanja mpaka ku Crete, kumene Europa anabereka mfumu Minos. Chithunzi chake atakwera ng'ombe chili pa ndalama yachitsulo ya mayuro 2 ya ku Greece. Kwa Leda, mkazi wa mfumu Tyndareus wa ku Sparta, anabwera ngati tsekwe woyera wa khosi lalitali. Danae, amene atate ake Acrisius anamutsekera m'chipinda chamkuwa poopa ulosi woti mdzukulu adzawapha, anamufikira ngati mvula ya golide yodontha kudenga.

Ziwiri izi ndizo zimandiwawa kwambiri. Callisto anali mlenje wa m'gulu la mulungu wamkazi Diana, gulu lolumbira kusakwatiwa. Jupiter anavala nkhope ya Diana yemweyo. Callisto pomulonjera anati mbuye wanga, inu woposa ngakhale Jupiter, ndipo Jupiter anaseka pomva akumuika pamwamba pa iye mwini. Ovid akunena mosabisa kuti mtsikanayo analimbana naye. Mimba itaoneka posamba, anzake anamuthamangitsa, Juno, mkazi wa Jupiter, anamusandutsa chimbalangondo, ndipo patapita zaka mwana wake yemwe, Arcas, anatsala pang'ono kumubaya ndi mkondo.

Winayo ndi Alcmene wa ku Thebes, mkazi wokhulupirika amene ng'ombe kapena golide sizikanamugwetsa. Mwamuna wake Amphitryon ali kunkhondo, Zeus anabwera ali Amphitryon, nkhope ndi mawu zomwezo, n'kusimba bwinobwino mmene nkhondo yayendera, ndipo anatalikitsa usiku umenewo katatu. Mwini wake atafika anadabwa mkazi akumulandira ngati munthu amene wagona naye dzulo lomweli. Mapasa amene anabadwa, Heracles anali wa Zeus, Iphicles wa Amphitryon.

Mulungu wamphamvu chotero ankabisaliranji?

Choyamba, ankaopa mkazi wake Hera, Juno wa Aroma uja. Chachiwiri, nthanozo zimati munthu sangapirire kuona mulungu mmene alili. Semele, mtsikana amene anali bwenzi la Zeus, anayesa. Hera, atasanduka Beroe, gogo amene analera Semele (taonaninso gogo), anamunong'oneza kuti amuna ambiri amadzitcha milungu pofuna kulowa m'nyumba za eni, choncho amuuze bwenzi lakelo libwere monga limabwerera kwa mkazi wake. Zeus anali atalumbira kale kuti amupatsa chilichonse. Amati wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, koma Semele anapseratu, ndipo khanda Dionysus analichotsa m'mimba n'kulisokerera m'ntchafu ya atate ake.

Palinso chifukwa cha ndale. Mabanja achifumu ankafuna kuti mzere wawo uyambire kumwamba, popanda kunena kuti gogo wawo wamkazi anazembera mwamuna wake. Mulungu wodzizimbaitsa ankathetsa vutolo: mwana ndi wa Zeus, mayi alibe mlandu.

Kodi anthu akalewo sankaona cholakwika?

Ankaona. Xenophanes, wanzeru wa Chigiriki amene anakhalapo zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, anadzudzula alakatuli Homer ndi Hesiod kuti anapachika pa milungu zonse zochititsa manyazi pakati pa anthu: kuba, chigololo ndi kunyengana. Herodotus, kumayambiriro kwa buku lake la mbiri, anapereka mbali ya Aperezi yoti Europa anangobedwa ku Tyre ndi Agiriki, mwina a ku Crete. Ng'ombe mulibemo. Mlakatuli Horace anati mvula ya golide ija inali chiphuphu chotsegulira zitseko.

Ovid mwini anaika chidzudzulo chake m'manja mwa mkazi. M'buku la 6, Arachne, mwana wa munthu wonyika ubweya mu utoto, akupikisana ndi mulungu wamkazi Minerva pa kuwomba nsalu. Pa nsalu yake anawombapo chinyengo cha milungu chimodzichimodzi: nkhunzi ya Europa, tsekwe wa Leda, golide wa Danae, nkhope yobwereka ya Amphitryon, mpakanso za Neptune, Apollo ndi Bacchus. Minerva sanapeze cholakwika pa kawombedwe kake. Anaing'amba, n'kumumenya Arachne pachipumi ndi chowombera, mapeto ake n'kumusandutsa kangaude.

Ndiye pali sewero la Terence, mlembi wochokera ku Carthage kumpoto kwa Africa, lotchedwa Eunuchus, la m'chaka cha 161 BC. Mnyamata Chaerea akuvala zovala za mdindo wofulidwa kuti alowe m'nyumba momwe muli mtsikana amene wamusirira. Pakhoma akuona chithunzi cha Jupiter ndi Danae, n'kudziuza kuti ngati mulungu wogwedeza thambo anatero, ine kamunthu ndilekerenji. Akumugwirira mtsikanayo. Patapita zaka zoposa 500, Augustine Woyera anatchula ndime imeneyi podandaula za zimene ana ankaloweza kusukulu.

Kodi ndi amuna okha amene ankadzibisa?

Ayi. M'nyimbo ina yakale ya Chigiriki yotamanda Aphrodite, mulungu wamkaziyu akupita pa phiri la Ida kwa Anchises wa ku Troy, woweta ng'ombe, atadzisandutsa namwali wamba. Anchises akukayika, akumufunsa ngati si mulungu. Iye akukana, akuti ndi mwana wa Otreus, mfumu ya ku Phrygia, akufotokozanso chifukwa chimene akudziwira chinenero cha ku Troy: anamulera ndi mayi wa kumeneko. Bodza lokonzedwa bwino, lokhala ndi mboni zake. Atamudzutsa ali m'maonekedwe ake enieni, Anchises akubisa nkhope ndi chofunda n'kuchonderera kuti asamusiye wopuwala. Mwana wawo ndiye Aeneas.

Anyamata ovala zachikazi analiponso. Achilles anabisidwa ndi mayi ake pa chilumba cha Skyros pakati pa ana aakazi a mfumu Lycomedes kuti asapite kunkhondo, ndipo mmodzi wa iwo, Deidamia, anapezeka ndi pakati. Leucippus anasunga tsitsi n'kuvala ngati mtsikana kuti alowe m'gulu la alenje a Daphne. Tsiku losamba mumtsinje wa Ladon iye anakana kuvula, anzakewo anamuvula, ndipo ataona zomwe anaona anamubaya ndi mikondo. Munthu wamba akamayesa masewera a milungu, malipiro ake ankakhala amenewo.

Zinafika bwanji m'mafilimu?

Kudzera m'zisudzo. Plautus, mlembi wa Chiroma, anasandutsa nkhani ya Alcmene sewero loseketsa, momwe mulungu Mercury akusanduka Sosia, kapolo wa Amphitryon, n'kumumenya Sosia weniweni pakhomo mpaka kapoloyo kuyamba kukayika ngati iye ndi iyedi. Molière wa ku France analembanso seweroli mu 1668, ndipo mpaka lero Afalansa munthu wofanana nkhope ndi wina amamutcha sosie. Shakespeare ankakonda kuveka atsikana zachimuna, ndipo popeza pa nthawi yake mbali za akazi ankasewera ndi anyamata, oonera ankaona mnyamata wonamizira mtsikana wonamizira mnyamata. Sewero lake la Twelfth Night ndilo linabala filimu ya She's the Man ya 2006, ya mtsikana wonamizira mlongo wake kuti asewere mpira. Cyrano de Bergerac la Edmond Rostand, la 1897, linabweretsa mtundu wina: wa mphuno yaikulu amalemba makalata achikondi, wokongola amasaina.

Sindikunena kuti wolemba filimu aliyense anawerenga Ovid. Nkhani yotere imamera yokha paliponse pamene pali mpanda pakati pa anyamata ndi atsikana.

Ndi filimu iti imene ikufanana kwambiri ndi Vertumnus?

Mrs. Doubtfire ya 1993, ngakhale kuti amene Robin Williams akuwafuna kwenikweni ndi ana ake atatu. Banja latha, khoti lamulola kuwaona tsiku limodzi pa sabata, ndiye akudzisandutsa mayi wokalamba wolera ana n'kulembedwa ntchito ndi mkazi wake wakale, Sally Field. Taonani zimene akuchita akangolowa m'nyumbamo. Mkaziyo akumukhuthulira zakukhosi za mwamuna wake wakale, osadziwa kuti akuuza mwini wake. Gogoyo akumulangiza kuti asathamangire amuna ena, akunyoza bwenzi latsopano, Pierce Brosnan. Nkhoswe yodziimira yokha, monga m'munda wa Pomona muja.

Aliyense amakumbukira pamene nkhope yake ya pulasitiki yagwera mumsewu n'kupondedwa ndi lole, mlendo wa kukhoti ali m'nyumba, iye n'kuviika nkhope mu keke, kirimu akudonthera m'kapu ya tiyi. Koma pofunika ndi ku lesitilanti kuja, nkhope itasendeka pamaso pa banja lonse. Mkaziyo sakuona dzuwa long'amba mitambo. Akutenga ana n'kutuluka, ndipo woweruza akulamula kuti bamboyo aziona ana pali womuyang'anira. Pomaliza akugwirizana za ana, koma banjalo silibwererana. Filimu ya Chihindi yotengera pomwepa, Chachi 420 ya Kamal Haasan ya 1997, inasankha kuwabwezeretsa.

Big Momma's House ya 2000 nayo ndi ya gogo wabodza: Martin Lawrence ndi wapolisi wa FBI amene akuvala thupi la gogo wonenepa, n'kugwa m'chikondi ndi mdzukulu wa gogoyo. Mu Tootsie ya 1982, Dustin Hoffman akuvala zachikazi pofuna ntchito ya pa TV, akukhala mnzake wapamtima wa Jessica Lange, ndipo bambo ake a mtsikanayo akufika pomufunsira ukwati. Choonadi chitatuluka, mtsikanayo akumutibula chibakera cha pamimba. Ine chibakera chimenecho ndimachiona cholungama kuposa mawu onse okoma amene akutsatira.

Nanga wolemera wodzisandutsa wosauka? Ameneyo walakwa chiyani?

Uyu ndiye amene oonera amamukhululukira msanga. Mu Coming to America ya 1988, Eddie Murphy ndi Akeem, mwana wa mfumu ya dziko lopeka la Zamunda. Wakana mkazi womusankhira, wapita ku Queens mumzinda wa New York, akukolopa pansi mu lesitilanti ya McDowell's, akuuza Lisa kuti kwawo ndi woweta mbuzi. Akufuna womukonda iye, osati mpando wachifumu. Mafilimu a ku Nigeria abwereza nkhaniyi kosawerengeka, mwana wa mfumu akukhala mlonda wa pageti kapena wokankha wilibala.

Cholinga n'chomveka, koma taganizani mutakhala Lisa. Masabata onsewa mwakhala mukulemba mayeso osauzidwa, wolemba mafunso ndi wochonga ali munthu mmodzi, ndipo iye akudziwa kuti akalephera abwerera ku nyumba yachifumu. Umphawi wake ndi malaya oti avula akafuna. Lisa akuzindikira zimenezi: m'sitima ya pansi panthaka akumubwezera ndolo zodula zija, ndipo ngakhale Akeem akulengeza pamaso pa okwera kuti wasiya ufumu, iye akutsika. Kenako tikungomuona ku Zamunda atavala zaukwati. Mmene mtima wake unatembenukira, filimuyo sitionetsa.

Aladdin ya 1992 ndi chagada chake: wosauka wonamizira mwana wa mfumu. Ameneyu amachita thukuta lenileni, chifukwa akagwidwa alibe kobwerera.

Kodi munthu angadzizimbaitse pofunsira mkazi wake yemwe?

Odysseus anatero. Atachoka ku Ithaca zaka 20, anabwera ali wopemphapempha wovala nsanza n'kupeza amuna 108 akudya chuma chake akudikira dzanja la mkazi wake Penelope. Galu wake wokalamba Argos anamuzindikira, gogo Eurycleia anamuzindikira ndi chipsera cha pamwendo pomusambitsa mapazi. Koma Penelope, ngakhale mwamunayo atapinda uta n'kupha onse aja, sanathamangire kumukumbatira. Analamula kuti bedi lawo alitulutse panja pa chipinda. Odysseus anapsa mtima: ndani wasuntha bedi limene ndinalipanga ndekha, mwendo wake umodzi uli tsinde la mtengo wa azitona lozika mizu pansi? Apo ndiye Penelope anakhulupirira. Mwa akazi onse a m'nthanozi, ndiye yekha amene anamulembetsa mayeso wodzibisayo.

Cephalus zinamuipira. Anasintha nkhope n'kukanyengerera mkazi wake Procris ndi mphatso pofuna kumuyesa. Mkaziyo anakana kambirimbiri, iye n'kumangoonjezera mtengo, ndipo atangoona kuti wazengereza pang'ono anadziulula n'kumutcha wachigololo. Procris anathawira kumapiri.

Filimu ya Chihindi ya Rab Ne Bana Di Jodi ya 2008 ikuyenda m'mapazi omwewa. Shah Rukh Khan ndi Surinder, kalaliki wofatsa wa kampani ya magetsi ku Amritsar, amene mkazi wake wamuuza poyera kuti sangathe kumukonda. Akumeta ndevu za pamlomo, akuvala zothina zowala, akukhala Raj wa phokoso, n'kukavina naye kusukulu ya magule. Ndiye akuyamba kuchitira nsanje iye mwini. Raj akumuuza mkaziyo kuti athawe limodzi, Surinder akudikira kunyumba kuti aone ngati athawadi. Mkaziyo akusankha mwamuna wake ndipo nyimbo zikulira, koma msampha wake ndi wa Cephalus uja.

Kodi sizikufanana ndi nthano zathu?

Zikufanana pa chiyambi. Ambiri tinamvapo padangokhala za namwali wokongola wokana amuna onse a m'mudzi, mpaka kutabwera mlendo wosalala wovala bwino, iye n'kulola tsiku lomwelo. Kumeneko kuukwati, kamlongo kake kamene kanakakamira kutsatira ndiko kakuona usiku kuti mlamuyo ndi fisi. Pomona nayenso ndi namwali wokana amuna, ndipo nthano zonse ziwiri zimamuona kukanako ngati matenda ofunika mankhwala. Kusiyana kwake n'kwakuti ya Aroma imasimbidwa ili kumbali ya mlendoyo, ndipo pansi pa chovala pamatuluka mulungu wokongola. Yathu imasimbidwa ili kumbali ya mudzi, ndipo chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Owerenga Baibulo akumbukiranso Genesis 29, pamene Yakobo anagwirira ntchito Rakele zaka 7 n'kudzuka m'mawa ali ndi Leya, ndi Genesis 38, pamene Tamara anafunda nkhope n'kukhala m'mbali mwa njira kudikira apongozi ake Yuda.

Zitachitika lero, lamulo lingati chiyani?

Kubisa kuti ndiwe wolemera, kapena kudzikometsera mbiri pofunsira, nthawi zambiri ndi nkhani ya pakati pa awiri ndi ankhoswe awo. Koma zimene Zeus anachita kwa Alcmene zili ndi dzina m'malamulo. Ndime 132 ya malamulo a milandu ya upandu ku Malawi imati kugona ndi mkazi wokwatiwa ponamizira kukhala mwamuna wake ndi kugwirira. Ku England ndi Wales, lamulo la 2003 limati palibe chilolezo ngati munthu wavomera chifukwa winayo wanamizira kukhala munthu amene iye amamudziwa. Filimu ya Revenge of the Nerds ya 1984 ili ndi gawo lotere, mnyamata atavala chigoba cha bwenzi la mtsikana, ndipo inaliika ngati nthabwala. Oonera a lero ambiri saliseka.

Intaneti yasintha chiyani?

Yatsitsa mtengo wa chigoba. Robin Williams ankakhala maola angapo akumumata nkhope tsiku lililonse lojambula, pamene lero chithunzi cha munthu wina ndi dzina lopeka pa Facebook zakwana. You've Got Mail ya 1998, yotengera The Shop Around the Corner ya 1940, inaonetsa mbali yokoma: awiri odana masana, okondana usiku pa kompyuta. Komabe Tom Hanks ndiye akuyamba kudziwa kuti mnzake wa makalatayo ndi Meg Ryan, mayi amene sitolo yake ya mabuku ikugwa chifukwa cha sitolo yaikulu ya iyeyo, ndipo akupitiriza kulemba osaulula. Mbali yowawa inaoneka mu The Tinder Swindler ya 2022, nkhani yeniyeni ya mwamuna wonamizira mwana wa mpondamatiki wa miyala ya dayamondi, amene anasiya akazi angapo ku Ulaya ali m'ngongole. Ang'onoang'ono ake tonse tikuwadziwa, aja okongola pachithunzi amene kamera yawo imakhala yowonongeka nthawi zonse koma ya thiransipoti amaifuna lero lomwe.

Nanga bwanji timaseka, ndipo bwanji wonyengedwayo amakhululuka msanga chotero?

Chifukwa cha pamene atikhazika. Kuyambira poyamba ife oonera tili m'chipinda chovalira limodzi ndi wonamayo. Tamuona akulimbana ndi nsapato zazitali, akutuluka thukuta, akulira payekha. Mtima wake tikuudziwa. Mkaziyo sanaone chilichonse mwa zimenezi, iye wangoona kuti mnzake amene ankamuuza zinsinsi kulibe, sanakhalepo n'komwe. Filimu imamupatsa mphindi zochepa zokwiya, nyimbo yachisoni, mvula pawindo, kenako ayenera kutipeza pamene ife tafika kalekale.

Pali chimodzi chimene mafilimu anaonjezera, ndipo n'chabwino. Zeus akavula nthenga za tsekwe amakhala Zeus yemweyo, sanaphunzirepo kanthu. Koma Hoffman atavala diresi akulawa mmene amuna amayankhulira ndi akazi pantchito, Williams akuphunzira kuphika ndi kuonetsetsa kuti ana alemba za kusukulu, Akeem akudziwa kulemera kwa chokolopera. Tony Curtis mu Some Like It Hot ya 1959, atadzisandutsa Josephine woimba m'gulu la akazi, akumva kuchokera pakamwa pa Marilyn Monroe mmene amuna a mtundu wake amasiyira atsikana m'mavuto. Chovalacho chimamusula wochivala. Kungoti amene walipira sukulu imeneyo ndi wonyengedwa uja.

Pa mafilimu onsewa, Roman Holiday ya 1953 ndiyo sinandinamize. Audrey Hepburn akubisa kuti ndi mwana wa mfumu, Gregory Peck akubisa kuti ndi mtolankhani wofuna kugulitsa nkhani yake. Onse awiri akunama, onse awiri akudziwa pomaliza. Peck sakulemba nkhaniyo, mnzake wojambula akupereka zithunzi zonse kwa mwini wake, ndipo Peck akutuluka yekha m'chipinda chachikulu chija, manja m'thumba.

Kodi Vertumnus ndi Pomona ndingawaone kuti lero?

Ojambula a ku Netherlands a zaka za m'ma 1600 anaijambula nthanoyi kambirimbiri, pafupifupi nthawi zonse pa mphindi ija gogo akulankhula, mtsikana akuyang'ana kumbali, kampeni kali m'manja. Ku Musée Rodin mumzinda wa Paris kuli chosema cha mwala cha Camille Claudel cha 1905 chokhala ndi mayina awo. Ku California kuli mzinda wotchedwa Pomona. Ndipo ku chinyumba chakale cha Skokloster ku Sweden kuli chithunzi chimene Giuseppe Arcimboldo anajambula cha m'ma 1590, cha mfumu Rudolf II ili Vertumnus, nkhope yonse yopangidwa ndi zokolola. M'tsitsi muli mphesa ndi ngala za tirigu, masaya ndi maapozi, ndipo mphuno ndi peyala, la Azungu lija, osati lathu lopaka pa buledi.